Chikasu M'khwapa mwa Atcheya

Lolemba

M'mawa. Nkhani yabwino kaye. Akatekisiti atumiza uthenga: Lamulungu likudzali, pa Misa yothokoza zokolola ku parishi, amayi a mphakati wathu ndiwo atsogolere mtulo. Nanga wosenza dengu loyamba, kutsogolo kwa mzere wonse, ndani? Palibe wadabwa. Ine ndayerekeza kudabwa pang'ono, chifukwa cha ulemu.

Ndine tcheya wa amayi a mphakati uno, ndipo kuyambira kuno mpaka ku Nsaru akudziwa kuti bulauzi yoyera ngati yanga kulibe. Sindikudzitama, ndikulemba zoona. Ikakhala pachingwe ngakhale nkhuku zimatsinzina.

Zofunika:
– dengu latsopano lija
– mtedza wosankha bwino, wopanda ndi umodzi womwe wowola
– nkhata
– duku ndi chitenje cha mphakati
– bulauzi: kungoitulutsa m'sutikesi n'kuisita, basi

Masana. Mayo ine! Ndatulutsa bulauzi. Kutsogolo mbee. Kumbuyo mbee. Kolala mbee. Ndatukula mkono wake umodzi, chikasu! Winawo, chikasu! M'khwapa monse muwiri ngati ndinafinyiramo mango, ndipo nsalu yake pamenepo yauma gwa.

Mlanduwu ndi wa Esnati, mwana wanga wa ku tauni. Pa Khirisimasi anandibweretsera kabotolo ka kampira pamwamba, kopaka m'khwapa. Amvekere, "Amayi, iyi ndi rolooni, masiku ano anthu sanunkha thukuta." Ine kununkha? Koma mphatso ya mwana sakana, ndinapaka. Sabata yonse ya Isitala ndinapaka mosaumira, kutentha kuli kuja, kenako bulauzi ndinaichapa n'kuipinda. Kani mafutawo ndi thukuta anapangana zokakumana m'sutikesi.

Vuto loyamba: dengu la mtulo timasenza pamutu, manja onse awiri m'mwamba atagwira m'mbali, n'kumavina pang'onopang'ono kuchokera pakhomo la tchalitchi mpaka kuguwa. M'khwapa mumakhala pambalambanda, ndipo wotsogolera ndi amene maso onse amamudya.

Vuto lachiwiri: Nankhoma. Chaka chatha ndinamuchotsa kutsogolo n'kumuika kumapeto kwa mzere, chifukwa cha chikasu chomwechi. Ndinanena pagulu kuti, "Kwa Mulungu sitipita ndi m'khwapa mwa dzungu." Amayi anaseka mpaka kugwira nthiti. Mawu angawo anali okoma ndithu, mpaka lero amawatchulabe pamjigo. Chaka chino akatekisiti amuika wachiwiri, kumbuyo kwanga kwenikweni.

Madzulo. Palibe chodetsa nkhawa. Ndawiritsa madzi mpaka kubwadamuka, ndaviikamo bulauzi, sopo wambiri. Ndachapira kuseri kwa bafa. Pamjigo ayi, maso ndi ambiri kuposa zidebe. Ine ndinayeretsapo matewera a ana anayi, kachikasu aka n'kachiyani?

Lachiwiri

Chilipo. Chakhwima kuposa dzulo.

Ndaimbira Esnati, ndili m'chipinda, chitseko chotseka. "Madzi owira? Amayi, mwachiphikatu! Tsopano chalowerera." Mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kuchapa lero akundiphunzitsa ine. Akuti finyirani mandimu, thirani mchere, yanikani padzuwa. Ndamuuza kuti zimenezo ndimazidziwa iye asanabadwe, ndimangofuna kumuyesa.

Mchere ulipo. Dzuwa lilipo. Mandimu?

Mudzi wonse uno mtengo wa mandimu ndi umodzi, ndipo unasankha kumera kuseri kwa nyumba ya Nankhoma. Mitengo inanso ilibe nzeru.

Ndapita. Ndayamba kutsokomola ndili patali kuti chifuwa chifike ine ndisanafike. Ndati ndi chimfine. Nankhoma wandiyalira mphasa, wandipatsa moni wonse, wathothola mandimu kudzaza nsonga ya chitenje changa. Kenako akuti, "Mandimu onsewa a chimfine, atcheya? Chimfine chake n'chachikulu, eti?" Ndatsokomola kawiri n'kutsanzika. Sanazindikire kanthu, ndikudziwa kutsokomola ine.

Masana. Ndafinyira, ndathira mchere, ndatikita mpaka zala kuwawa. Tsopano dzuwa. Chingwe changa chili kutsogolo kwa nyumba, ndipo njira ya kumjigo imadutsa pomwepo. Ndinachimangira dala pamenepo zaka zapitazo kuti anthu aziphunzira kuchapa. Lero sindingayanikepo.

Malo amene ndawaganizira:
– padenga (ana a sukulu amaona chilichonse)
– kudimba (kuli anthu othirira)
– m'chipinda (mulibe dzuwa, dzuwa silinalowemo chimangireni)
– m'chigafa cha fodya!

Chigafa cha abambo ake a Esnati chili kuseri, fodya ali lendelende pamikangala kudikira kusankhidwa. Kumapeto kwake dzuwa la madzulo limalowa bwinobwino, ndipo masamba amatchinga ngati katani. Ndaipachika pakati pa fodyayo, manja ake otambasula. Nzeru zotere sagula pamsika. Igone momwemo, ilandirenso dzuwa la mawa.

Lachitatu

Sindikufuna kulemba. Ndilemba basi.

Ndinaiwala kuti fodya wouma amamutsitsa m'mamawa, mame atamufewetsa. Abambo alawirira ku chigafa ine ndikusesa. Ndangoona akubwera, bulauzi yanga ili m'manja mwawo, manja awo aja akuda ndi phula la fodya.

"Mayi ake a Esnati, ndapeza tsamba lachilendo. Giredi yanji ili?"

Zimene bulauzi ili nazo tsopano:
– chikasu m'khwapa, monse muwiri, sichinasunthe
– madontho ofiirira paphewa, a mame odontha kuchokera ku fodya
– zala zisanu za abambo kumsana, zooneka bwino, chala chachikulu chomwe
– fungo la munthu wosuta chingambwe

Ndalankhula mawu amene ndidzakaulula kwa ansembe. Iwo akuti amangofuna kundithandiza. Kenako ayang'anitsitsa m'khwapamo, apukusa mutu mosirira: "Koma mtundu uwu ndi umene ogula amaufuna. Fodya wanga akanapsa chonchi bwenzi tili ndi malata atsopano." Zaka zonsezi ndakhala ndi munthu ameneyu, ndipo lero ndi pamene wasankha kukhala wanthabwala.

Chinanso. Pamene amatsitsa fodya, akuti Nankhoma anadutsa kuseriko ndi chidebe, anawapatsa moni. Ndawafunsa ngati anayang'ana m'chigafa. Akuti sakudziwa, iwo amayang'ana fodya. Sanaone. Akanaona bwenzi pofika pano pamjigo pakuyaka moto, ndipo ndapitako dala kukatunga madzi, nkhani ili pamenepo ndi ya mbuzi ya eni ake imene inalowa m'dimba. Mtima pansi.

Masana. Ndasankha mtedza kuti ndiziziritse mutu. Mtedza wanga chaka chino! Wonona, wofiira, wofanana ngati unapangana. Bambo Mfumu akadzauona adzafunsa okha kuti walima ndani.

Bulauzi ndaiviika m'beseni, beseni pansi pa bedi. Mawa ku Nsaru.

Lachinayi

Ndakwera kabaza m'mawa. Wofunsa ndamuuza kuti ndikukagula mchere, ndipo n'zoona, mchere unathera m'khwapa.

Ndinaganizako zosoketsa bulauzi ina. Ndafika mpaka pakhonde la telala, ndaima. Mkazi wa telalayo ndi mlembi wa gulu lathu. Tcheya asoketse bulauzi mwadzidzidzi kutatsala masiku ochepa, ndiye kuti yakale yatani? Ndangomupatsa moni telalayo, ndayamikira makina ake, ndapitirira. Kubwereka kwa munthu ndiye sindikuganizako n'komwe. Ine ndi amene anthu amabwera kudzaona bulauzi.

Ndagula bulichi m'golosale. Mnyamata wogulitsa sanafunse, koma ndamuuzabe kuti ndi wa kuchimbudzi.

Masana. Aleluya! Madontho a fodya apita. Zala za abambo zapita. Fungo lapita, labwera lina la kuchipatala, koma limenelo ndi fungo laulemu. Nsalu yayera mpaka kuthobwa m'maso. Ndavina ndekha m'chipinda.

Ndatukula mkono. Chikasu chija tsopano chawala ngati cha dzira la nkhuku yachikuda. Poyamba chinali chamanyazi, lero chikuchita kunyada. Ndipo poti kwina konse kwayera mbee, chikuonekera patali.

Esnati pafoni: "Bulichi pa thukuta? Amayi, amawonjezeratu chikasu! Bwanji simunafunse?" Ndadula. Netiweki kuno imavuta, aliyense akudziwa.

Madzulo. Kuyeserera mzere kutchalitchi chathu chaching'ono. Tonse m'zovala wamba, madengu opanda kanthu. Ndawaonetsa mmene mtulo umayendera: msana chilili, phazi lamanja, phazi lamanzere, manja m'mwamba ndithu, osati ngati nkhuku yonyowa. "Kwezani manja, amayi! Mukubisa chiyani?" Pakamwa panga pamathamanga, mutu umatsala m'mbuyo.

Potsiriza mlembi wafunsa, "Atcheya, Loweruka tibweretse mabulauzi kuti muwaone, monga mwa nthawi zonse?" Lamulo limeneli ndinakhazikitsa ndine. Aliyense amabweretsa yake, ine n'kumatukula mikono umodziumodzi, yanga ili poyera ngati chitsanzo. Lamulo labwino kwambiri, linakweza mphakati wathu.

Ndayankha kuti, "Nanga n'kufunsa?" Nankhoma amangoyang'ana zala zake za kumapazi.

Lachisanu

Mankhwala a ku tauni andikwana. Lero njira za malemu amayi anga.

Choyamba, chidulo. Ndatentha zitsononkho, ndasefa phulusa lake monga pophika therere. Ngati chidulo chimafewetsa therere, chingalephere kachikasu? Ndaviika. Ndatenga chitsononkho china chouma, ndakwecha m'khwapa ndi mphamvu zanga zonse, ndikuimba nyimbo ya kulapa.

Chili apo? Chilipo.

Chachiwiri, buluu, ufa uja amayi ankathira m'madzi otsukuluzira kuti zoyera ziwale. Iwo ankathira kansonga ka supuni. Ndathira kansonga, palibe chasintha. Ndathira supuni. Ndati mwina buluu wa masiku ano ndi wofooka, ndakhuthula paketi yonse.

Zotsatira:
– bulauzi: mtundu wa yunifomu ya ana a pulayimale
– manja anga: mtundu womwewo, mpaka m'zigongono
– m'khwapa: mobiriwira! Mobiriwira ngati nkhwani!

Sindinadziwe kuti chikasu chikakumana ndi buluu chimabala msipu. Ku sukulu sanatiphunzitse, kapena tsikulo ndinali kumaliro.

Abambo asuzumira pakhomo, aona beseni, aona manja anga. Akuti, "Bwanji osangowauza anzanu? Thukuta aliyense ali nalo." Ndawauza kuti aliyense si tcheya. Abwerera ku fodya wawo akung'ung'udza kuti mapanga awiri avumbwitsa. Awiri ati? Ine ndayesa asanu.

Masana onse kutsukuluza. Madzi a m'nyumba atha, ndapita kumjigo manja nditawakulunga m'chitenje, ndabwerako, ndapitanso, mpaka amayi ena afunsa ngati tikuumba njerwa. Pofika madzulo nsalu yabwerera kuyera, pafupifupi. Munthu wosadziwa angati ndi yoyera. M'khwapa ndiye mwatsala mtundu umene ulibe dzina, pakati pa dzungu ndi masamba ake.

Ndaiyang'anitsa kuwindo. Kumanzere, pamene ndinakwecha kwambiri, nsalu yapyapyala moti ndikuona mtengo wa mango panja.

Kunena zoona ndili ndi mantha. Osati a bulauzi. Ndikuopa kuseka kuja, ndikukudziwa bwino mmene kumamvekera, ndinakuyambitsa ndine. Koma mawa kuliponso.

Loweruka

M'mawa. Ndasita ndi simbi ya makala. Kolala yagona bwino, mapindo ali chilili. Pofika kukhwapa lamanzere simbi yangodutsa kamodzi, pyoo! Chibowo cholowa zala ziwiri. Ndasoka. Tsopano pali chikasu, msipu ndi chigamba.

Masana. Kutchalitchi. Amayi onse akhala pamabenchi, aliyense bulauzi yake pamwendo, ena akunjenjemera monga mwa chaka ndi chaka. Ndaimirira opanda kanthu m'manja. Ndalankhula mawu amene ndikuganiza kuti ngakhale akatekisiti sangawafike. Ndati sabata ino ndakhala ndikusinkhasinkha. Ndati munthu amaona nsalu koma Mulungu amaona mumtima. Ndati kodi ndife yani kuti tizitukulana mikono? Chaka chino kuyendera mabulauzi kulibe, aliyense adziyendere yekha m'chikumbumtima chake.

Mlembi watsegula pakamwa osatseka. Gogo wina wapukuta msozi, akuti atcheya akula mu uzimu. Kumbuyo kwamveka "Amen" mmodzi wamphamvu, wa Nankhoma. Sindinakonde mmene wamukokera.

Pobwerera, ndaona mtsikana akuchokera kumjigo, chidebe pamutu, manja ali pafoni. Ndaima panjira. Ndaseka ndekha.

Ndani ananena kuti dengu aligwire? Ine ndinayamba kusenza mtsuko ndisanamere mano achiwiri. Ndasenzapo nkhuni kuchokera kudambo, mwana kumsana, khasu m'manja, osagwira. Manja m'mwamba ndi za anthu a makosi ofooka!

Madzulo. Kuseri kwa chigafa, dengu lodzaza mtedza, nkhata yokulunga bwino. Zigongono ndazimata m'nthiti, zikhato ndaziphatikiza pachifuwa ngati munthu wopemphera. Phazi lamanja, phazi lamanzere, chiuno pang'ono. Ulendo woyamba mtedza wochepa wagwa, nkhuku zathokoza. Wachiwiri, ndi umodzi womwe. Wachitatu ndatembenuka mozungulira, dengu lili phee ngati linamera pamutu.

Si kubisa kokha ayi, n'kokongola kuposa kale. Mawa parishi yonse iphunzira kusenza.

Abambo amaonerera atatsamira nsanamira. Akuti, "Zili bwino. Nanga mukakafika kuguwa..." Ndawadula. Munthu amene anasiya zala kumsana kwa bulauzi yanga alibe mawu pa nkhaniyi.

Zonse zakonzeka:
– dengu
– mtedza
– khosi
– rolooni ndaiponya kumbuyo kwa kabati, ikalape

Lamulungu

Ndabwerako. Ndavula nsapato. Ndilembe zonse mwadongosolo, zabwino poyamba.

Tchalitchi chodzaza mpaka m'mawindo, anthu a nthambi zonse. Popatsana moni panja ndimangogwedeza mutu, dzanja ndikupereka kuyambira pachigongono. Nyimbo ya Ulemu anthu akugwedeza manja m'mwamba, ine ndagwira pamtima, maso otseka. Abambo ndi amene ananditwika dengu kuseri kwa tchalitchi.

Ng'oma zayamba. Ndalowa. Manja pachifuwa, dengu phee. Mzere woyamba wa mabenchi watembenuka, wachiwiri, kenako tchalitchi chonse. Nthungululu! Ndamva wina akuti, "Taonani, osagwira!" Wina, "Amenewo ndiwo atcheya a kwathu." Ndavina, ndatembenuka mozungulira pakati penipeni, kwaya mpaka yasokoneza mawu. Chibadwire sindinayendepo chonchi, ndipo izi palibe angandilande.

Ndafika kuguwa. Bambo Mfumu aima patsogolo panga, akumwetulira, manja atatambasula kuti alandire.

Pamenepo ndi pamene ndamva mawu a abambo a dzulo mpaka kumapeto kwake. Dengu la mtulo umatula wekha. Umakweza manja onse awiri, n'kulinyamula pamutu, n'kulipereka. Sabata yonse ndaganiza za kusenza, za kutula ayi.

Ndaima. Bambo Mfumu akudikira. Kwaya yabwereza kolasi. Ndamwetulira. Yabwerezanso. Mzere wonse kumbuyo kwanga ukuvina pamalo amodzi, wa nkhuku nkhuku yake ikulira. Thukuta likutsika m'khwapa momwemo, latsopano, ngati lakale silinakwane. Ndinaganiza zokomoka, koma wokomoka amamunyamula m'khwapa.

Kenako ndamva dengu lina likuikidwa pansi kumbuyo kwanga. Nankhoma wabwera pambali panga. Wanong'ona, "Gwirani nthiti zanu momwemo, atcheya. Ndinaiona Lachitatu m'chigafa." Wakweza manja ake onse awiri, pamaso pa Bambo Mfumu, pa kwaya, pa parishi yonse, wanditula.

M'khwapa mwake chikasu chili chomwe chija cha chaka chatha. Ndachiona pafupi, pamphuno panga penipeni. Onse achiona. Palibe waseka. Kwaya sinaleke kuimba, Bambo Mfumu alandira mtedza n'kuudalitsa, denga silinagwe. Iye watola dengu lake, wapereka, wabwerera pamalo pake akuvina.

Lachitatu! Anadziwa kuyambira Lachitatu, amatunga madzi pamjigo tsiku lililonse, ndipo sanauze munthu. Ine ndikanakhala iyeyo sindikanafika nazo madzulo. Ndachita manyazi oti sindinawamvepo, oposa amene ndimawathawa. Misa yonse yotsala sindinamve kanthu.

Panja anthu andizungulira. Akuti mwambo watsopanowu ndi wokongola, wina kusenza osagwira, mnzake kumutula, zikuonetsa chikondi cha pa mphakati. Akatekisiti akuti chaka chamawa madengu onse azitero. Afunsa kuti anaganiza ndani. Ndaloza Nankhoma, ndi chibwano, poti mkono sukanatheka.

Pobwerera tafika pamlatho, abambo akukankha njinga yawo. Pamenepo akuti, "Anyani sasekana zikundu." Ndawafunsa kuti nyani ndani. Akuti amangolankhula ndi njinga.

Bulauzi ili pampando apa. Chikasu chapambana, ndavomera. Ndathira mtedza wotsala m'lichero, mawa ndikapereka kwa Nankhoma, ndikati ndi wa mandimu aja. Adziwa yekha kuti si wa mandimu. Ndikachoka kumeneko ndikachapira bulauziyi pamjigo, ndidzaiyanika pachingwe cha kutsogolo, manja ake otambasula. Wofuna kuona aone, wofuna kutchula dzungu atchule.

Chaka chamawa kutsogolo kukhale Nankhoma. Ine wachiwiri, ndidzamutula ndine, manja m'mwamba.

Koma zilembedwe kuti dengu silinagwedezeke.